Kamzere Kopita kwa Amayi

Pho! Limenelo ndilo phokoso limene limandibwerera ndikakumbuka chaka chimenecho. Kamphira kogwirira jipiesi pagalasi la kutsogolo kankati kakapsa ndi dzuwa la ku Balaka, kankangomasuka kokha, pho, kachipangizo konse n'kugwera pamiyendo pa munthu amene wakhala kutsogolo. Amayi ena ankakuwa poganiza kuti ndi buluzi. Ine ndinkangokatola, kunyowetsa kamphirako ndi malovu, n'kukamatanso pamalo pake.

Masiku amenewo ndinkayendetsa kagalimoto ka matola pakati pa Balaka ndi Liwonde. Eni ake anali bambo ena a ku Ntaja amene anakhalitsa ku Joni, ndipo jipiesiyo anabwera nayo kuchokera komweko. Kanali kabokosi kakuda kolingana ndi chikhatho changa, ndipo m'kati mwake munali mawu a mzimayi wolankhula Chingerezi cha m'mphuno. Mapu ake anali a ku Joni. Kuno kwathu kankangodziwa msewu wa tala ndi mtsinje wa Shire, kwina konseko kunali koyera ngati pepala losalembapo kanthu. Ukangokayatsa, mzimayiyo ankayamba kukuuza kuti ubwerere, chifukwa kwa iye kunyumba kunali kukadali kumene abwana ankachita lendi ku Joni kuja.

"Abwana, kameneka kuno kalibe ntchito," ndinawauza tsiku lina.

"Iyayi, adalaivala, musakachotse. Wallahi, galimoto ikakhala ndi kameneka imaoneka yophunzira. Anthu amakwera mwaulemu."

Ndiye ndinakasiya. Koma pokhala nako tsiku lonse, ndinaona chinthu china chimene abwana sankachisamala. Kulikonse kumene galimoto yadutsa, kachipangizoko kankasiya kamzere kobiriwira kumbuyo, ngati nkhono ikayenda pakhonde. Ngakhale pamalo oyera paja, popanda msewu kapena dzina, kamzereko kankalembeka. Ukazimitsa n'kudzayatsanso mawa, unkakapeza kakadalipo. Tsiku lina ndinapatuka dala kukasiya munthu kuseri kwa msika, kungofuna kuona. Kanalemba zonse, mpaka pamene ndinabwerera chambuyo kuzemba mbuzi. Chinandidabwitsanso n'chakuti sikankafuna bandulo kapena netiweki. Nditafunsa abwana kuti kamadziwa bwanji pamene tili, anangoloza kumwamba ndi makiyi, n'kuti kali ndi abale ake kumeneko.

Khalidwe loyang'anitsitsa zinthu ndinakula nalo. Bambo anga anamwalira ndisanabadwe, mayi anga n'kuwatsatira ndili ndi zaka zitatu. Anandilera ndi anganga, amayi awo a mayi anga, amene ankagulitsa mpunga ndi nandolo pamsika wa Balaka. Anali munthu wamfupi, wokalipa, woyeza mpunga ndi mbale yake imodzi yopindika m'mphepete, ndipo akakuyankha kamodzi sunkafunsanso. M'nyumba mwathu mawu ankasowa kuposa mchere. Ndinaphunzira kudziwa zimene anganga akuganiza poyang'ana manja awo.

Chimene ndinkadziwa n'chakuti kwathu kwenikweni ndi kwa Mposa, ku Machinga, ndipo mayi anga anagona kumeneko. Anganga anachokako patangopita sabata maliro atachitika, atakangana ndi mng'ono wawo pa mawu ena amene analankhulidwa pasiwa. Anandibereka kumbuyo, kuyenda wapansi mpaka pa Nsanama, n'kukwera lole. Kwa zaka makumi atatu sanabwererekonso, ngakhale kutumiza moni. Ndili mwana ndinafunsapo kawiri kuti manda a amayi ali pati. Ulendo woyamba anati ndidzadziwa ndikadzakula. Wachiwiri anandituma kukatunga madzi.

Chaka chimene ndikunenachi maso awo anali atachita ng'ala, miyendo ikutupa. M'mawa wina ndikupukuta galimoto pabwalo, anatuluka akugwiragwira chipupa.

"Iwe, chigalimoto chakochi chimayenda pafumbi?"

"Chimayenda, anganga."

"Mvula isanagwe undipititse. Ndikakuonetse amako."

Anabwerera m'nyumba osadikira yankho. Ndinadziwa kuti ulendo umenewu ukhala umodzi wokha, chifukwa anganga sankabwereza zinthu. Ndikapanda kuigwira njirayo tsiku limenelo, ndiye kuti amayi anditayika mpaka kalekale. Dzina la mudzi lokha silikanandithandiza. Anganga ankautchula ndi dzina la mfumu imene inamwalira kale, ndipo ndinkamva kuti midzi ya kumeneko inagawikanagawikana, uliwonse ndi dzina lake latsopano.

Ndinayamba ndi foni. Mapu a m'foni ndinkawadziwa bwino, chifukwa ndiwo ankandithandiza ndikapeza hayala ya kutali. Ndikaika bandulo ndinkatha kuona dziko lonse la Machinga kuchokera kumwamba ngati kabawi. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde n'kumakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Ndinaona njanji ikupita ku Nayuchi, phiri la Chikala, madambo a mpunga, madenga a malata akung'anima m'mbali mwa tinjira. Kenako ndinazindikira chinthu chimene chinandiimitsa chala. Minda yonse inali yofiirira, yometedwa mitengo, koma apa ndi apo panali timadontho takuda, tozungulira, pamene mitengo inasiyidwa. Amenewo anali manda. Kwathu kuno nkhwangwa imalowa paliponse, kupatula pamene pagona anthu. Ndinayamba kuwerenga timadonthoto, ndipo nditapitirira makumi awiri ndinaleka. Amayi anali pansi pa kamodzi mwa timeneti, koma foni inkandionetsa tonse mofanana.

Ndikanakonda kutenga zonse ziwiri, foni ndi jipiesi, zikuyaka, koma vuto linali la moto. Batire la foni yanga linali lotopa. Ukayatsa mapu silinkakwana ola limodzi. La jipiesi ndiye linafa kalekale, moti ukangozula waya kachipangizoko kankazima nthawi yomweyo. Ndipo galimotoyo inali ndi soketi imodzi yokha, kabowo kaja koyatsira fodya. Ndinagula pamsika kogawira moto pawiri, koma kanawotcha fyuzi tsiku lomwelo, abwana n'kundiletsa kuti ndisadzayesenso. Ndiye panafunika kusankha kuti adye moto ndani, foni kapena jipiesi.

Pasiteji madalaivala anzanga anaitenga nkhaniyo ngati mlandu.

"Aise, ukufunsanso? Foni imadziwa ngakhale pogulitsa kanyenya. Chako chijachi chikakutula ku Joni wopanda pasipoti."

"Nanga netiweki ikathawa?" wina anatero. "Ine ndinapitako kwa Mposa kumeneko kukatenga mkwati. Foni inangoti mbuu. Njira ndinakafunsa kwa ng'ombe."

"Foni nayonso imasunga malo, ungodina pamene waimapo."

"Imasunga kadontho, eya. Koma idzakuuza kuti dambo uliwolokere pati?"

"Ndiye azifunsa anthu, si pakamwa ali napo? Aaa, ndaiwala, uyutu ndi uja salankhula."

Anaseka, inenso ndinaseka. Sindinawauze chimene ndikukafuna. Ndinangoti ndikuperekeza anganga kumudzi.

Abwana anandipatsa galimoto Lachisanu, tsiku limene iwo amapita kumzikiti. Nditawauza chilungamo cha ulendowo anati, "Pitani, adalaivala. Inshallah mukawapeza. Munthu ayenera kudziwa pamene pagona mayi ake."

Tinanyamuka m'mawa dzuwa lisanakwiye. Anganga anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nsapato n'kuzigwira m'manja chifukwa mapazi sankalowa. Pasoketi ndinalumikiza foni. Jipiesi inali pagalasi, yozima. Tinawoloka Shire pa Liwonde, anganga n'kunena kuti nsomba za masiku ano sizinunkha ngati nsomba. Foni inkagwira ntchito yake bwinobwino, kadontho kathu kakuyenda pamsewu, mayina a malo akubwera tisanawafike. Ndinkaikonda, kunena zoona. Mpaka lero ndikamapita ku Zomba kapena ku Lilongwe ndimadalira iyoyo.

Pa Nsanama ndinaima pafupi ndi msika. Panali matumba a nandolo ataunjikidwa m'mbali mwa msewu, tomato, njinga za kabaza zitandandalika pamthunzi. Ndinalemba Mposa pafoni. Inandijambulira njira yooneka bwino, yobwerera kaye m'mbuyo kenako n'kuzungulira phiri.

"Anganga, foni ikuti tibwerere pang'ono, kuli msewu wabwino."

"Foniyo inali kuti tsiku limene ndinkabwera nawe kumsana? Ine ndinatulukira kuseri kwa chigayo. Chigayo chilipo?"

Ndinatsika kukafunsa mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Anati chigayo chakale chinagwa, pano pali sitolo ya feteleza, koma kanjira ka kuseri kwake kakadalipo.

Nditabwerera m'galimoto ndinapeza anganga akuyesa kutsegula botolo la madzi. Ndinayang'ana manja awo. Manja amene ankakweza okha thumba la mpunga tsopano chitsekerero chinkawakana. Sanandipemphe kuti ndiwathandize, ndipo ine sindinayerekeze. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti masabata onsewa ndakhala ndikufunafuna wondifikitsa lero, pamene ameneyo ndinali naye kale, atakhala pambali panga. Amene ndinalibe ndi wodzandifikitsa chaka chamawa. Foni inkadziwa misewu ya anthu onse, koma njira ya anganga sinkaidziwa, ndipo mmene ndinkaionera inalibe maganizo oiphunzira. Ndinazula foni, n'kulumikiza jipiesi.

Mzimayi uja anadzuka, n'kuyamba pomwepo kutiuza kuti tibwerere.

"Ameneyu ndani?" anganga anafunsa.

"Ndi mayi wa m'kachipangizomu. Akuti titembenuke."

"Ndi wa kwa yani?"

"Wa ku Joni."

"Umuuze kuti anayesa kundibweza anthu oposa iye, analephera. Tiye."

Tinalowa kanjira ka kuseri kwa sitolo. Pakachipangizo msewu wa tala unatsalira, kamuvi kathu n'kulowa poyera paja, kamzere kobiriwira kakutsatira pambuyo. Anganga sankaona patali, choncho ankandifunsa ine. Phiri lili dzanja liti? Tawoloka njanji? Ukuonapo mlambe wa mphanda ziwiri? Ndikayankha ankaloza ndi nsapato. Anandiuza kuti nditsitse galasi la mbali yawo kuti azimva mphepo. Pena anati, "Pano pakununkha dambo, tapita kumanzere kwambiri." Patsogolo pang'ono ndinaona minda ya mpunga yokololedwa kale. Ndinasuzumira pafoni kamodzi, kungofuna kudziwa. Netiweki inali itathawa, chithunzi chitasanduka timabokosi totuwa.

Tinasochera kawiri. Koyamba tinakathera pabwalo la sukulu imene kunalibe nthawi yawo. Kachiwiri tinazungulira munda wa chinangwa n'kutulukiranso pamjigo womwe tinaudutsa kale, amayi otunga madzi n'kutiwombera m'manja. Ine ndinkayang'ana kamzere kaja. Kanalemba zonse, ndi kusochera komwe, ngati mfundo ziwiri pachingwe. Anganga anatisiya mvula ya chaka chomwecho isanathe, koma mfundo zawozo zilipo mpaka lero. Ndikafika pamenepo ndimadziwa kuti apa ndisapatuke, apa m'pamene anganga anakalipira sukulu chifukwa choima panjira yawo.

Kenako pabampu ina, pho! Kachipangizo kanagwera pamiyendo pawo. Sanadzidzimuke. Anakatola, kukapapasa mbali zonse, n'kukaika bwinobwino pachitenje.

"Usamatenso malovu ako. Mlendoyu ndimugwira ndekha, angatithawe."

Cha m'ma leveni koloko msewu unatha. Panali khwawa lamchenga, mlatho wake wa mitengo utathyoka pakati. Pansi pa mtengo wa mango panali abambo awiri a kabaza akusewera bawo. Anganga anawatchulira dzina la mfumu yakale ija. Wocheperapo msinkhu sanalidziwe. Wamkulu, wa ndevu zoyera ndi kachisoti koyera kumutu, anasiya bawo n'kudzuka.

"Dzina limenelo ndinalimva kwa malemu bambo anga. Anganga, kodi mwachokera kumanda?"

"Ndikupita komweko."

Abambowo anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto. Anati mudziwo ulipo, kutsidya kwa khwawa, ulendo wa theka la ola panjinga. Koma galimoto singawoloke.

Ndinayang'ana waya. Ndikazula, kamzere kathera pakhwawa pomwepa, ndipo mbali yovuta kwambiri, tinjira ta m'minda tofanana tonse, ikhala yosalembeka. Ndinawafotokozera abambo a ndevu aja mwamanyazi, ndikuyembekeza kuti andiseka. Sanaseke. Anakayang'anitsitsa kachipangizoko, n'kutembenuzatembenuza pulagi yake.

"Kamadya moto wa batire la galimoto basi?"

"Eya."

"Ndiye vuto lili pati? Alamu anga apo amatchaja mafoni ndi batire la sola. Tikabwereke."

Anapita, n'kubwera nalo pakaliyala. Anasenda mawaya awiri ndi mano, wofiira n'kuugunditsa kunsonga kwa pulagi, wakuda m'mbali, zonse n'kuzimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Kachipangizo kanawala, kamzere kathu kali pomwe tinakasiya, ndipo mzimayi wa ku Joni anatiuzanso kuti tibwerere.

"Akuti chiyani?"

"Akuti tibwerere."

"Ngwamakani ngati mkazi wanga woyamba."

Tinawoloka motere: anganga panjinga ya wocheperapo uja, atakhala cham'mbali, nsapato m'manja, batire panjinga ya abambo a ndevu, iwo akukankha, ine pambali pawo wapansi, kachipangizo m'manja, waya ali lende pakati pathu. Sindikanatha kutalikira ngakhale phazi limodzi. Iwo akaima, ine kuima. Akazemba chitsa, inenso kuzemba. Anthu amene ankasosa m'minda anasiya makasu n'kutiyang'ana.

"Odwala ndi ati pamenepo?" mayi wina anafuula. "Diripiyo mwaika njinga kapena bamboyo?"

"Tikuyeza dziko, mayi!" abambo a ndevu anayankha. "Eya! Mawa tibwera kudzakulandani mundawo!"

"Mudzalande, muli miyala yokhayokha!"

Kamzere kankakula pang'onopang'ono, mwa liwiro la munthu woyenda pansi, kakukhota pamene kanjira kakhota. Abambo a ndevu ankandiuza kuti mvula ikagwa apa sipadutsika, anthu amazungulira cha kuchulu uko. Ndinawapempha kuti tizungulire cha kuchuluko ngakhale kunali kouma. Anandiyang'ana, n'kukhotetsa njinga osafunsa chifukwa chake.

Anganga anaimitsa njinga panyumba ya njerwa zowotcha. Nyumbayo sanaidziwe, koma anadziwa mwala waukulu wa pabwalo, umene ankayanikapo ufa ali mtsikana. Pakhonde panali mayi wachikulire akupeta nandolo. Anaimirira lichero lili m'manja, n'kuwayang'ana anganga nthawi yaitali.

"Amayi aakulu? Mwabwera ndi mapazi anu? Ife tinkati mudzabwera m'bokosi."

"Bokosi silikanakwera panjinga."

Anapatsana moni m'Chilomwe, chilankhulo chimene chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo anganga akulankhula. Mayiyo anali mwana wa mng'ono wawo uja anakangana naye, ndiye kuti kwa ine mayi aang'ono. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndi waya womwe.

"Aka ndi kamwana kaja? Kaja sikanalire pamaliro, kongoyang'ana anthu?"

"Ndi komweko. Mpaka pano sikanayambe kulankhula."

Anganga anafunsa za mng'ono wawo. Mayi aang'ono analoza ndi mlomo ku mitengo yowirira kumapeto kwa minda.

"Chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi chimwalirireni. Uthenga tinasowa koutumiza."

Anganga anayang'ana nsapato zimene zinali m'manja mwawo. Sanalire. Anangokhala pamwala paja, kuwerama, n'kuyamba kuzikankhira kumapazi otupa aja mpaka zinalowa.

Kumanda salowa chilowelowe. Mayi aang'ono anapita kukapempha kwa amfumu, n'kubwerako atanyamula khasu paphewa.

"Alola. Koma akuti chiwailesi chanucho chitsale kunja. Ogona safuna phokoso."

Choncho kamzere kanathera pamphepete pa mitengo, patsinde pa msuku waukulu. Ndinadina posungira malo. Kachipangizo kanafunsa dzina la malowo. Ndinaima chala chili m'mwamba, abambo a ndevu atagwira njinga akundidikira. Kenako ndinalemba kuti AMAYI. Patapita masiku, ndili ku Balaka, ndinayerekeza kamzereko ndi chithunzi cha m'foni, ndipo ndinakapeza kadontho kathu. Kanali kamodzi mwa timene ndinatidumpha powerenga, poganiza kuti n'kakang'ono kwambiri.

A kabaza anatsala pamsuku ndi batire lawo. Ife atatu tinalowa. M'kati munali mozizira, masamba ouma akulira kumapazi. Anganga anandigwira dzanja, koma otsogolera anali iwo. Anayenda molunjika kumphepete kwa kum'mawa, n'kuima pamitumbira ingapo yoyandikana ndi munda.

"Ndi apa. Tinamuika kumapeto, pafupi ndi munda. Kumutu ndinabzala nkhadze."

Nkhadze inalipo ndithu. Koma inaliponso pamtumbira wotsatira, ndi wotsatirawo, zonse zazing'ono. Mtanda wa pamene analozapo unali wachitsulo, utoto wake ukadali woyera. Ngati anganga asokoneza pano, ndiye kuti kamzere kanga konse kangondifikitsa pakhomo pa nkhalango.

"Iyayi, amayi aakulu," mayi aang'ono anatero chapansipansi. "Awa ndi a dzana. Kumapeto kwanu kuja pano ndi pakati. Mwachoka zaka zingati? Anthu sanaleke kufa podikira inu."

Anatembenuka kuti atidutsitse mwachidule pakati pa mitumbira. Ndinaona kuti tikadzera pamenepo sindidzaigwira njira, chifukwa tayambira polakwika.

"Mayi," ndinatero, "chonde tiyambirenso pamsuku paja."

Onse awiri anandiyang'ana.

"Eee, kamalankhula," mayi aang'ono anatero. Koma anabwerera.

Apa ndinalibe chondilembera, ndiye ndinachita zimene ndakhala ndikuchita moyo wanga wonse. Kuchokera pamsuku, nkhope kuphiri, mapazi makumi anayi ndi awiri. Chulu kudzanja lamanja. Mtengo wong'ambika pakati. Manda awiri a simenti ogundana ngati mapasa. Pamenepo kukhotera kumanzere, mapazi asanu ndi awiri.

Mtumbira unali waung'ono kuposa mmene ndinkauganizira zaka zonsezi. Mtanda unadyedwa ndi chiswe kalekale. Kumutu kunali nkhadze yaikulu kuposa zonse za m'mandamo, thunthu lake ngati ntchafu ya munthu, ndipo patsinde pake panali mbale yachitsulo ya mkombero wobiriwira, yoboola pakati ndi msomali kuti wina asaitole. Anganga anagwada movutikira, kupapasa mbaleyo, chala chawo n'kupeza bowolo.

"Ndinaboola ndine," anatero.

Kenako anawaitana mayi anga ndi dzina la paubwana, limene ndinali ndisanalimvepo.

"Ndakubweretsera mwana wako. Wakula. Amayendetsa galimoto ya eni ake."

Ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ndidzalira. Koma ndinapezeka ndikuyang'ana dothi. Manda ena oyandikana nawo anali atamera zitsamba, mitumbira itafafanizika mpaka kulingana ndi nthaka. Wa amayi unali wokwezedwa bwino, m'mbali mwake muli mapazi a khasu, ndipo udzu umene unamerapo unali wa mvula imodzi yokha. Wina wakhala akubwera kuno chaka ndi chaka.

Ndinatembenuka kuyang'ana mayi aang'ono. Anaona kuti ndaona.

"Tinavinidwa limodzi ndi mayi anu," anatero. "Amayi anga ankandiletsa, ndiye ndinkabwera mobisa. Atamwalira ndinayamba kubwera poyera. Timalambula mwezi uno, mvula isanagwe. Koma msana wanga watopa, ndipo ndili nawo anga ondidikira mbali iyo."

Anatsitsa khasu paphewa. Mpini wake unali wosalala, wodetsedwa ndi manja.

"Chaka chino muyambe inu, bambo. Mukamaliza mukalisiye pakhonde, chaka chamawa mudzalipeza pomwepo. Amayi aakulu, dzukani, tiyeni mukaone mng'ono wanu."

Anandipatsa khasulo, n'kugwira anganga pamkono, ndipo awiriwo anapita pang'onopang'ono pakati pa mitengo.